Mkazi wa ku Chiringa Amene Kunalibe

Dyson Sitima anabadwira ku Jenala, m'banja la Alomwe amene makolo awo anachokera ku Mozambiki kalekale. Sukulu sanapite nayo patali. Atakula anakakwatira Belita wa ku Nkhulambe, m'tsinde mwa phiri, ndipo monga mwa mwambo wa kuno, mwamuna ndiye anasamuka. Anamanga nyumba pamalo a kuchikazi, analima munda wa kuchikazi, ndipo ana awiri amene anabereka, Princess ndi mlongo wake Elton, anali a mbumba ya kuchikazi. Zake zenizeni zinali njinga, makasu awiri ndi pakamwa pake.

Pakamwa pakepo ndiye panali posatopa. Dyson anali mmodzi wa adzukulu, amuna aja amakumba manda pakagwa maliro, ndipo amene anakhalako kumanda akudziwa kuti adzukulu salira, amaseka. Dzenje likafika m'chiuno, Dyson ankagona chagada m'menemo n'kunena kuti, "Mukulitse pang'ono anyamata, malemuwa anali okonda kutambasula miyendo." Anzake ankachita kugwira m'mimba. Koma ntchito ankaidziwa. Manda ake ankakhala owongoka m'mbali, ndipo chingwe chotsitsira bokosi akachigwira iye, bokosi silinkapendekeka. Anamfedwa ambiri a m'midzi imeneyo ankachita kumuitanitsa dzina.

Mu Malichi 2023, mvula ya namondwe uja Freddy itagwa masiku angapo osapuma, kumudzi wina wapafupi kunamwalira nkhalamba. Maliro sadikira kuti kuche bwino. M'mawa Dyson anamangirira khasu ndi fosholo panjinga.

"Mvula yonseyi, abambo a Princess?" anatero Belita, ali pakhomo ndi Elton kumbuyo.

"Malemuwo sanadandaule kuti anyowa," anayankha Dyson akuseka, n'kunyamuka.

Princess tsiku limenelo anali kwa amayi ake aakulu, a Fainess, amene nyumba yawo inali pamtunda. Adzukulu ali mkati mokapa madzi m'dzenje, kuphiri kunamveka mkokomo, nthaka n'kuyamba kunjenjemera pansi pa mapazi. Napolo anali atatsika. Dyson atathamangira kwawo sanapeze nyumba yakugwa, ayi. Sanapeze kanthu. Pamene panali khonde, nkhokwe, mtengo wa mapeyala ndi khola la mbuzi panali mchenga, zigodo za mitengo ndi miyala ikuluikulu yoposa nyumba imene inachotsedwayo. Belita ndi Elton sanapezeke, tsiku limenelo ngakhale masiku otsatira.

Patapita masabata, abale anagwirizana zochita monga amachitira munthu akasowa mtembo wake. Anadula mathunthu awiri a nthochi, lalikulu ndi laling'ono, n'kuwakulunga m'nsalu, kuwaika m'mabokosi kuti akaikidwe m'manda. Azimayi analira mpaka mawu kusasa. Dyson anamukhazika pampando pakati pa azibambo, aliyense wobwera n'kumamugwira dzanja ndi mawu amodzimodzi: "Limbani mtima, ndinu mwamuna." Iye analimbadi. Koma kumanda, nthawi yotsitsa bokosi la Belita, anadzuka n'kulanda chingwe kwa mnzake, chinthu choti mwini maliro sachita. Anatsitsa nawo bokosilo, ndipo kuyambira tsiku limenelo nthabwala zinatha.

Zimene zinatsatira anthu anayamba kuziona pang'onopang'ono. Kukagwa maliro, Dyson ankapita, koma akangolowa m'dzenje thukuta linkangoti kamukamu, mpweya kubanika, mpaka anzake kumukoka. Kumunda sankapitanso. M'malo mwake m'mawa uliwonse ankatenga khasu kupita pamchenga paja panali nyumba yake, n'kumakumba. Apa lero, apo mawa. Anapezapo chivundikiro cha poto, tsiku lina nsapato ya munthu wosamudziwa. Ankabwerako dzuwa litapendeka, osadya, n'kukhala pakhonde la kanyumba kamene anamumangira pafupi ndi a Fainess, maso ali gwa kuphiri. Princess, mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, ankabwera kudzakhala pambali pake, bambo ake osamuona n'komwe.

Tsono pali mwambo wina. Mkazi akamwalira, akuchikazi amamusudzula mwamunayo, kutanthauza kumumasula kuti abwerere kwawo akayambe moyo wina, ana n'kutsala ndi mbumba. Mwinimbumba anali Julius, mlongo wake wa Belita, munthu wosalankhulalankhula amene nayenso munda wake wonse unakwiririka ndi miyala. Julius sanali woipa mtima. Anachedwetsa dala kusudzulako chifukwa cha Princess, amene akasowa bambo ake pang'ono ankayendayenda m'mudzi monse kuwafunafuna. Koma tsiku lina anamupeza Dyson pamchenga paja n'kumuuza mosapsatira.

"Alamu, ife tinakusungani chifukwa cha mwana. Koma munthu wokumba mchenga sangalere mwana. Mukapanda kusintha, tikusudzulani muzipita ku Jenala."

Mawu amenewa anamulowa Dyson kuposa maulaliki onse amene anamva pamaliro. Princess ndi yekhayo amene anamutsalira padziko, ndipo mantha omutaya anamugwira zenizeni. Anadziwa yekha kuti m'mutu mwake sizili bwino. Chimene sanadziwe ndi khomo loti agogode.

Kukampu kumene anthu anathawira kunali tenti ya aphungu obwera kudzamva nkhawa za anthu. Dyson anafikapo kamodzi, anasuzumira, anaona azimayi okhaokha atakhala pamphasa ndi makanda, n'kubwerera ngati wasochera njira. Pamene anadzalimba mtima kuti apitenso, tenti anali atazula. Anapita kwa mkulu wa mpingo, munthu wabwino ndithu, amene anamupempherera ndi mtima wonse, kenako n'kumukumbutsa kuti Yobu anataya ana khumi. Anakakhala ndi anzake pabawo, anayamba kuti, "Amwene, ine tulo sindikutipeza," mnzake wina n'kumupatsira kabotolo ka kachasu, nkhani n'kuthera pomwepo. Anapita kuchipatala chapafupi, anakhala pamzere theka la tsiku, ndipo atalowa adokotala anafunsa osadzutsa mutu kuti, "Mukumva kuwawa pati?" Funso limenelo lilibe malo oikapo mkazi ndi mwana amene ali pansi pa miyala. Dyson anati, "Mutu." Anatuluka ndi panado.

Amene anamutsegula maso anali mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, amene anamukokera pambali n'kumuuza kuti kamodzi pamwezi kumabwera anesi oona za matenda a maganizo. Dyson tsikulo ankalidziwa kale, kungoti ankalidziwa ndi dzina limene anthu analipatsa: tsiku la amisala. Ndi tsiku limene pabenchi pamakhala odwala khunyu ndi ena obwera atamangidwa manja ndi chitenje. Akanaoneka pabenchi imeneyo kwawo konkuno, nkhani ikanafika kwa Julius iye asanafike pakhomo. Choncho anafunsa za chipatala china chakutali, kupitirira Chiringa, kumene palibe akanamuzindikira. Anapopa njinga, anauza a Fainess kuti akukafunsa mitengo ya nandolo ku Chiringa, n'kunyamuka. Ulendo woyamba anesiwo sanabwere, akuti galimoto inalibe mafuta. Anapalasa ulendo wonsewo kubwerera ndi njala, ndipo mwezi wotsatira anapitanso.

Anesiwo anali bambo, a Mcdonald, wamfupi, wa kadazi, wolankhula pang'onopang'ono ngati alibe mzere panja. Sanafunse za kuwawa.

"Bambo Sitima, m'mawa mukangodzuka, chimayamba kubwera m'mutu mwanu n'chiyani?"

Dyson anayang'ana pansi. Kenako anati, "Bokosi."

"Bokosi lotani?"

"La akazi anga. Ine ndatsitsa anthu ambiri, adokotala. Munthu amalemera kumutu ndi pachifuwa, kumiyendo amapepuka, chingwe chimakuuzani. Lija linkalemera chimodzimodzi konsekonse. Anthu akuimba, abusa akupemphera, ine manja anga akundiuza kuti muno mulibe munthu. Ndiye ali kuti? Ine ndinakwirira anthu a eni ake moyo wanga wonse, anga ali pamtetete. Tsiku limenelo ndinali m'dzenje la munthu wina, ndikuseka."

Atafika pamenepo mawu anathawa. Anayesa kupitiriza m'Chichewa, zinakanika, n'kutulukira m'Chilomwe cha amayi ake chimene anali asanalankhule zaka zambiri. Analira mokweza, mamina ndi misozi, bambo wamkulu wa ndevu zake. A Mcdonald Chilomwe ankachimva pang'ono chabe, koma sanamudule. Atatha anamuuza kuti imeneyi ndi nthenda, ili ndi chithandizo, ndipo si misala. Anamuuza kuti amuna ambiri a m'mphepete mwa phirimo akuyenda nayo, ena akuithira kachasu, ena akumenya nayo akazi, ena anapezeka kale atadzimangirira. Anamupatsa mankhwala, namuuza kuti azibwera mwezi uliwonse adzacheze.

"Koma ulendo wamawa mubwere ndi gadiyani," anawonjezera. "Wachibale woti azidziwa zimene mukudutsamo. Nthenda iyi imavuta kuchira munthu ali yekha."

Dyson anavomera ndi mutu, mumtima akudziwa kuti sadzabwera ndi aliyense. Wachibale wake kumeneko anali ndani? Julius yemwe uja? Mwezi uliwonse a Mcdonald ankafunsa, mwezi uliwonse Dyson ankati alamu atanganidwa.

Ngakhale zinali choncho, chithandizo chinayamba kugwira. Tulo tinayamba kubwera. Pamchenga paja ankapitabe, koma mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zina ankangokhala pamwala osakumba. Mvula itagwa anabzala chimanga ndi nandolo pakamunda kamene Julius anamugawira. Anasokerera patapata wa Princess ndi waya, anayamba kumuperekeza kusukulu panjinga. Tsiku lopita kwa a Mcdonald ankalawirira kusamba, kumeta ndevu, kuvala shati yake yoyera ya kutchalitchi, chifukwa sankafuna kuti pabenchi paja aoneke ngati anzake omangidwa manja. Pobwerako nkhope inkakhala yomasuka, tsiku lina mpaka analowa m'mudzi akuimba likhweru.

Apa ndiye pamene pamapweteka mtima. Mwamuna wamasiye amene wayamba kusamba, kumeta, kuvala shati yoyera, kusowa tsiku lathunthu kamodzi pamwezi n'kubwerako akuimba likhweru, amayi a m'mudzi sangafunse kawiri. A Fainess anayamba kuwerengera maulendowo. Nandolo anali asanatulutse n'maluwa omwe, munthu n'kumakafunsabe mitengo yake. Pachitsime nkhani inapsa: Dyson ali ndi mkazi ku Chiringa. Ena anafika pomudziwa mkaziyo, akuti wogulitsa zitumbuwa, woyera, wa mpata m'mano.

Chaka chimenecho mvula inadula pakati, chimanga chinauma chisanabereke, ndipo m'mudzi munalowa njala. Anthu ankagonera makaka a chinangwa ndi mango osapsa. Princess anayamba kutsokomola, tsitsi linafiira, mapazi n'kuyamba kutupa. Aliyense wamaso akanaona kuti mwanayo sakudya mokwanira. Koma akuluakulu anaona china. Mwamuna amene sanasudzulidwe akagona ndi mkazi wina n'kubwera kudzadya mbale imodzi ndi mwana, amati mwanayo amadwala tsempho, ndipo tsempho amayamba choncho, chifuwa ndi kutupa. A Fainess analira poyera kuti m'bale wawo anafa ndi madzi, tsopano mwana wake afa ndi chiwerewere cha bambo ake.

Julius anaitanitsa abale masana ena pansi pa mtengo wa mango. Dyson anamukhazika pakati. Princess anali m'nyumba, atagona pamphasa.

"Alamu," anatero Julius, "sitikufuna zambiri. Mwana akudwala. Ku Chiringa mumakatani?"

Yankho linali lalifupi, ndipo mankhwala anali m'thumba la shati imene anavala. Koma Dyson atakweza maso anaona amalume a malemu, azilamu, azimayi atatambalala kumbuyo, onse akumuyang'ana, ndipo anakumbukira Ufulu. Ufulu anali mnyamata wa m'mudzi momwemo amene anapitako kuchipatala cha amisala ku Zomba n'kubwerako ali bwinobwino. Papita zaka, koma mpaka lero palibe amamupatsa mwana kuti anyamule, akalankhula pamsonkhano anthu amayang'anizana, ndipo ana ake kusukulu amawatchula ana a wamisala. Dyson anayerekeza zinthu ziwirizo mumtima. Akanena za chipatala, ndiye kuti wavomera pamaso pa mbumba yonse kuti mutu wake sukuyenda, ndipo mwana amulanda mpaka kalekale. Akavomera za mkazi, ndi manyazi inde, koma ndi manyazi a amuna, odziwika, okhala ndi njira yake: amukalipira, alipira nkhuku, asakaniza mankhwala amwetse mwana, nkhani itha. Anaganiza kuti wasankha chopepuka.

"Ndinalakwa, alamu," anatero. "Mkazi alipo."

Azimayi anawomba m'manja mwa ukali, a Fainess anamutukwana mpaka kutchula makolo ake a ku Jenala. Julius yekha ankangokanda pansi ndi kamtengo. Palibe akudziwa chimene iyeyu akanayankha akanamva zoona. Munthu ameneyu nayenso chiyambire tsiku la napolo anali asanagone tulo tabwino, ndipo mkazi wake yekha ndiye ankadziwa kuti mvula ikayamba kugunda pamalata amatuluka kukaima pabwalo. Mwina akanaseka, mwina akanati mwezi wamawa tipitire limodzi. Mpata umenewo sanapatsidwe.

"Chabwino," anatero Julius pomaliza. "Nkhuku sitikuifuna. Poti mwapeza kale banja, ife tikuchedwetsani chifukwa chiyani? Mwana akangochira tikusudzulani. Muzipita kwa akazi anuwo."

Dyson anatsegula pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo abale anali atayamba kudzuka n'kumakutumula zovala. Kubweza pamenepo kukanakhala kuvomera ziwiri, bodza ndi misala yomwe. Anangokhala pansi pomwepo mpaka onse anabalalika.

Princess anamumwetsa mankhwala a tsempho. Mlangizi wa zaumoyo uja atamuona anakalipa, n'kumutengera kuchipatala kumene anamupatsa chiponde cha ana onyentchera. Patapita masabata mapazi anaphwa, chifuwa chinaleka, mwana anayamba kusewera. M'mudzi monse anati mwaona, bambo ake atangoulula mwana wadzuka. Dyson mwezi umenewo kwa a Mcdonald sanapite. Maso onse anali pa iye, ndipo akanangokwera njinga kulowera ku Chiringa akanati wathamangira mkazi mwana ali chigonere. Mankhwala anatha, tulo tinathawanso.

Mwambo wosudzula sunatenge nthawi. Anamumeta, akuluakulu analankhula mawu awo omumasula, anamuthokoza chifukwa cha zaka zimene anakhala nawo, n'kumuuza kuti mwana akafuna kumuona azibwera masana ngati mlendo. M'mawa mwake anamangirira mphasa, makasu ndi kachikwama ka zovala pakaliyala. Kamunda ka nandolo kanatsala, kanyumba kanatsala. Julius anaima chapafupi, manja kumbuyo, kudikira kuti amuperekeze mpaka pamsewu monga mwa ulemu. A Fainess anali pakhonde, akusankha nyemba, osadzutsa mutu.

Princess anatuluka atavala yunifolomu, n'kugwira chishalo cha njinga. Masiku onsewo sanafunse kanthu, koma ana amamva zonse zimene akuluakulu amalankhula pachitsime.

"Ababa, kwa amayi atsopanowo kuli mwana wamkazi ngati ine?"

Dyson anamuyang'ana mwanayo, n'kuyang'ana Julius amene anali poti akumva mawu alionse. Akanatha kunena pomwepo, mawu ochepa chabe, kuti kulibe mkazi, kuli chipatala, bambo ako akudwala ndipo akufuna kuchira chifukwa cha iwe.

"Kulibe mwana," anatero.

"Ndiye munditenge ine. Ndizikawatungira madzi, ndizikasesa. Sindikawavuta."

Dyson anachotsa zala za mwanayo pachishalo chimodzichimodzi, n'kuyamba kukankha njinga kulowera kumsewu wa ku Jenala, kumene kunalibe womudikira.